Maikolofoni ya Tepi Yofiira

Moni kwa inu nonse owerenga pano, amene timadziwana ndi amene sitinaonanepo. Ine ndine mphunzitsi wa sekondale kufupi ndi pa Njuli, ndipo sindinazolowere kuima pagulu n'kumafotokoza za m'nyumba mwanga. Lero ndalemba chifukwa Mulungu wandichitira chinthu choti sindingachivundikire. Mkazi wanga Elube anamwalira mwana wathu Tiyamike ali ndi zaka zitatu. Za matenda ake sindinena. Vuto limene ndikufuna kukuuzani linadza pambuyo pake: m'nyumba mwathu simunatsale mawu ake oti mwanayo n'kuwamva.

Titaika maliro kwawo ku Nchema, linafika tsiku logawa katundu wa malemu. Anayala mphasa, n'kutulutsa zitenje, nsapato, mapoto ndi chikwama chake cha ku tchalitchi. Kenako amalume ake ananyamula foni ya Elube n'kufunsa ngati pali wina wa chonena. Ine ndinali nacho. M'fonimo munali nyimbo zimene ankadzijambula akuchapa kapena akupeta mpunga. M'foni yanga munalibe mawu ake, chifukwa ndinkamuuza kuti azingondilembera, mauthenga olankhula amandisokoneza ku ntchito. Koma mkamwini salimbirana katundu pa mphasa ya apongozi, ndipo sindinafune kuti anthu azidzati aphunzitsi anakakamira foni dothi la pa manda lisanaume. Ndinakhala chete.

Foniyo inapita kwa mng'ono wake, Esnati. Iye sankadziwa nambala yotsegulira, choncho anapita nayo kwa okonza mafoni pa Namadzi, ndipo iwo anafufuta zonse kuti itseguke. Nditakamufunsa patapita masabata awiri, anagwira pakamwa n'kukhala pansi. Sindinamukalipire. Ndinangoti, "Palibe kanthu, mlamu." Mawu amenewo anatitalikitsa kuposa mmene kukalipa kukanachitira. Kuyambira pamenepo ankabwera kudzaona mwana pokhapokha ine ndikakhala ku sukulu, mwanayo ali ndi mayi anga.

Elube anali woimba. Kwa zaka zingapo ankaimba m'gulu lina la nyimbo zauzimu ku Blantyre, mmodzi mwa amayi atatu amene amaima kumbuyo kwa wotsogolera nyimbo. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ankakwera kabaza mpaka pa msewu, n'kugwira minibasi ya ku Limbe, kukaimba m'maholo mmene mumachitika zoimbaimba za masana. Ine sindinapiteko ngakhale kamodzi. Ndinkati ndidzapita ndikamaliza kuchonga mayeso, ndipo inu aphunzitsi anzanga mukudziwa kuti mayeso satha.

Ndiye ndinadzilimbitsa mtima kuti mawu a munthu woimba sangasowe mumzinda wa mawailesi ambiri chonchija. Sukulu itatsekera ndinayamba kufufuza. Gulu lija ndinapeza litatha, mtsogoleri wake atapita ku Joni, nambala yake yosagwira. Ku wailesi ina ya kanema anandilandira bwino, ndipo atafufuza anapeza kanema wa nyimbo imodzi ya gululo. Elube analimo. Anavala diresi yachikasu, akuvina pa kapinga, ndipo penapake kamera inamuyandikira iye yekha akuimba mizere iwiri.

Koma mawuwo sanali ake. Ndinakumbukira zimene anandiuzapo akuseka: iye analowa m'gulumo chimbale chitajambulidwa kale, ndipo tsiku lojambula kanema ankangoliza nyimboyo m'galimoto, iwo n'kumagwedeza milomo padzuwa. Mizere iwiri ija inali ya mayi amene Elube analowa m'malo mwake. Mayiyo mawu ake ndi aang'ono, okwera. A Elube anali otsika, osasa pang'ono. Komabe kanemayo ndinamutenga, ndinakamuonetsa Tiyamike, ndipo za mawuzo sindinamuuze.

Ndinapitanso ku wailesi ina kumene gululo linakaimbapo anthu akumvera nthawi yomweyo. Kumeneko ndinakumana ndi mayi amene amaulutsa pulogalamu ya Loweruka masana yokamba za mbiri ya nyimbo mumzindamo. Anandiuza mosabisa kuti zoimba zotere sazisunga nthawi yaitali, pakapita kanthawi amafufuta kuti apeze malo a zina.

"Koma bambo," anatero, "wailesi ikasowa chinthu imafunsa anthu. Mundilole ndinene nkhani yanu Loweruka."

Ndinakana mwaulemu. Sindinafune kuti chisoni changa chiwerengedwe pakati pa kulengeza sopo ndi kulengeza feteleza. Anandipatsa nambala yake, ine n'kubwerera ku Njuli.

Inapita miyezi yambiri. Ndinkaphunzitsa, ndinkapita ku tchalitchi, anthu n'kumanditamanda kuti ndine wolimba mtima. Tiyamike kanema uja anamuloweza yense. Tsiku lina ndikuchokera ku sukulu ndinamupeza pakhonde atadzikulunga nsalu ya agogo ake, akuimba mizere iwiri ija ndi timawu tokwera, tofinyika. Atandiona anati, "Ababa, tamvani, ndikuimba ngati amayi." Ndinamuyamikira kuti waimba bwino. Kenako ndinalowa m'nyumba n'kukhala pa bedi nsapato zili kumapazi. Mwana wanga ankakula akudziwa mayi ake ndi mawu a munthu wina, ndipo womunamizayo ndinali ine.

Mawa lake ana ataweruka ndinatsala ndekha m'kalasi. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati, "Ambuye, Elube munamutenga, ndipo sindikufunsani chifukwa chake. Koma mwanayu ndikumunamiza. Ndipatseni mawu a mayi ake, apo ayi ndipatseni mphamvu zomuuza zoona." Sindinamve yankho lililonse. Chimene chinabwera ndi manyazi. Ndinaona kuti kawiri konse chinanditsekera njira ndi chinthu chimodzi: pa mphasa ku Nchema ndinaopa zonena anthu, ku wailesi ndinaopanso zomwezo, ndipo ndinkazitcha ulemu. Ndisanatuluke m'kalasimo ndinawalembera uthenga mayi a ku wailesi aja kuti anene.

Loweruka ndinakhala pakhonde ndi kawailesi kanga, Tiyamike atapita ndi agogo ake kumsika. Mayiwo anaifotokoza nkhaniyo mwachidule ndiponso mwaulemu: mphunzitsi wa ku Njuli akufuna mawu a malemu mkazi wake Elube, amene ankaimba kumbuyo m'gulu lakutilakuti. Anthu anayamba kuimba foni. Ambiri ankangopepesa. Wina anati ali ndi chimbale cha gululo, chomwe chija chopanda Elube. Wina anapepesa n'kupemphanso kuti amuikire nyimbo. Pulogalamu itatsala pang'ono kutha ndinamva mayiwo akuseka.

"Awa ndi Che Jumbe a ku Bangwe, amene salephera kuimba Loweruka lililonse. Lero ndalakwitsa pati, bambo?"

"Pawiri pokha, mwayesetsa," anayankha mawu a munthu wachikulire. "Holo munaitchula ija sinayambe ngati holo, munkasungidwa fodya. Ndinasesamo ndekha tisanaikemo masipika. Pachiwiri ndaiwala. Koma za aphunzitsi a ku Njuliwo. Ine maina a oimba akumbuyo sindiwadziwa, ndimadziwa maikolofoni. Ngati mayiyo ndi uja wa maikolofoni ya tepi yofiira, amene poyesa mawu anzake akamati wanu-thu iye ankaitanira minibasi ya ku Zomba, auzeni aphunzitsiwo abwere. Alipo."

Nthawi yomweyo ndinadziuza kuti asokoneza ndi munthu wina. Elube amene ndinkamudziwa ine sakanaitanira minibasi pamaso pa anthu. Ndili m'maganizo amenewo foni yanga inalira. Anali Esnati, amene anali asanandiimbirepo chichitikire za foni zija. Ankaseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Alamu, mwamva? Ndi achemwali amenewo. Tili ana ankakwera pa chulu n'kumaitanira mbuzi za amalume kuti zikwere ya ku Zomba."

"Ukunena zoona?"

"Mbuzi imodzi mpaka ankaidulira tikiti."

Ndinamuuza kuti akonzeke, Lolemba tipitire limodzi.

Mayi a ku wailesi aja anatipatsa nambala ya Che Jumbe, ndipo Lolemba m'mawa, nditapempha chilolezo ku sukulu, tinafika ku Bangwe atatu: ine, Esnati ndi Tiyamike. Tinapeza bambo wamfupi wa ndevu zoyera, atavala kofiya, akulumikiza waya pakhonde. Chipinda chawo chochezera chinadzaza masipika mpaka kudenga, moti tinakhala pa mabokosi a zida. Mayi a kunyumba kwawo anatibweretsera tiyi ndi chinangwa chophika. Ine mtima unali pa chinthu chimodzi, koma Che Jumbe sanali munthu womufulumizitsa.

Anatiuza kuti ntchitoyi anaiyamba dziko lonse likumvera wailesi imodzi. Masiku amenewo gulu likafuna kumveka linkanyamula magitala ndi ng'oma mpaka ku situdiyo, anthu onse n'kuunjikana pa maikolofoni ziwiri, ndipo wina akatsokomola nyimbo inkayambiranso. Nyimbo yako ikamveka pa wailesi, Loweruka lotsatira holo inkadzaza, anthu akufuna kuona nkhope za mawu amene anawamva. Kenako kunabwera makaseti mumsika wa Limbe, mawailesi anachuluka, ndiye kanema.

"Kanema atabwera zinatembenuka," anatero. "Kale tinkadziwa mawu, nkhope osaidziwa. Pano oimba anaphunzira kuvina pa kapinga osatulutsa mawu. Koma mu holo simunamizika, aphunzitsi. Mu holo munthu amaimba ndi pakhosi pake."

Anati amene anawaphunzitsa ntchito ankawauza kuti khutu limanama likakhala paphokoso, choncho uzijambula n'kukamvera kunyumba kuti udziwe pamene unalakwitsa. Poyamba ankajambula zoimba zonse. Koma oimba atayamba kudandaula kuti anthu a masipika akugulitsa nyimbo zawo kwa oika nyimbo m'mafoni, iwo analeka, n'kumangojambula nthawi yoyesa mawu, anthu asanalowe, pamene woimba aliyense amalankhula yekha pa maikolofoni yake. Maikolofoni zawo anazimata matepi amitundu kuti asamasokoneze, ndipo zojambulazo amazisunga motero pa kompyuta yakale: dzina la holo, mwezi, kenako yofiira, yobiriwira, yoyera.

"Lachisanu ndimapita ku mzikiti, Lamulungu ndimakuza mawu a Akhristu," anatero akuyatsa kompyutayo. "Nyimbo zanu ndimazidziwa kuposa abusa anu. Tsono aphunzitsi, mukufuna muyambe mwamva nokha? Mawu a munthu amene anapita sawayatsa modzidzimutsa."

Ndinayang'ana Tiyamike, amene anali kalikiliki ndi chinangwa. Ndinati timvere limodzi.

Poyamba kunamveka phokoso la holo yopanda anthu, mipando ikukokedwa, wina akuyesa ng'oma patali. Kenako chala chinagogoda maikolofoni kawiri.

"Limbe, Njuli, Namadzi, Zomba! Mmodzi yekha tinyamuke. Amayi a dengu, kutsogolo kuli malo, nkhukuyo muifungate."

Anali iye. Mawu otsika aja, osasa pang'ono, ali pafupi ngati waima kuseri kwa sipikayo. Anzake ankaseka chapatali. Kenako kunamveka Che Jumbe akufuula kuchokera kumbuyo kwa holo kuti, "Mayi a yofiira, imbani tiyese, minibasi ikudikirani." Ndipo Elube anati, "Che Jumbe, mwandiika m'chitini. Onjezerani mawu akunsi, ndisamveke ngati udzudzu." Ndiye anaimba ndime yathunthu ya nyimbo ya m'buku yekhayekha, popanda chida chilichonse, akupuma pamene ankapuma nthawi zonse.

Esnati anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinagwira m'mphepete mwa bokosi limene ndinakhalira. Che Jumbe sanatiyang'ane, anangotsegula ina ya mwezi wina, holo ina. M'menemo Elube anaitaniranso minibasi yake, kenako n'kunena kuti, "Tifulumire anthuni, mwana ndamusiya ndi bambo ake. Bambo akewo phala amaliphika ngati akulemba mayeso, mwana amachita kugona nayo njala akudikira malikisi."

Ndinaseka. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma ndinaseka mpaka misozi, Esnati nayenso n'kuvundukula nkhope n'kumaseka, mayi a kunyumba aja ali pakhomo akupukusa mutu. Zinali zoona. Madzi a phala ndinkachita kuyeza ndi kapu.

Tiyamike anali atasiya kudya. Anayang'ana sipika, n'kuyang'ana ine.

"Amenewa ndani?"

"Ndi amayi ako," ndinatero.

"Nanga a pa kanema aja?"

Apa m'pamene ndinaona kuti Mulungu wayankha mbali zonse ziwiri za pemphero langa, ngakhale ine ndinapempha imodzi mwa ziwirizo. Ndinamunyamula n'kumukhazika pamwendo. Ndinamuuza kuti nkhope ya pa kanema ija ndi ya amayi ake, diresi yachikasu ndi yawo, kuvina ndi kwawo, koma mawu aja ndi a mayi wina amene anaimba iwo asanabwere. Ndinamuuza kuti ndinkadziwa, ndipo ndinalakwa kusamuuza. Ndinkayembekezera kuti alira. Iye anangotembenukira kwa Esnati.

"Akumveka ngati amayi aang'ono akamandiitana kukasamba."

Esnati anatuluka panja. Tiyamike anatsika pamwendo panga, n'kupita kukaima pafupi ndi Che Jumbe, n'kuwagwira mkono wa malaya. "Agogo, bwerezani pa nkhuku paja."

Anabwereza kasanu. Titawerenga, tinapeza kuti Elube analimo m'zojambula zisanu ndi zinayi. M'zina anangonena mawu ochepa, m'zina anaimba, mu imodzi ankakangana ndi woimba ng'oma za mpira. Che Jumbe anatiikira zonse pa fulashi, n'kutiuza kuti tikazisunge malo atatu osiyana, ndipo amodzi mwa malowo asakhale foni. Nditafuna kuwathokoza ndi kanthu anakweza dzanja. Anati chimene akufuna n'choti ndikauze mayi a ku wailesi aja kuti cholakwika chachiwiri achikumbukira, ayembekezere foni Loweruka.

Pobwerera tinakakwerera ku Limbe dzuwa likadali pamutu. Woitanira wina anali pakhomo la minibasi akutchula Njuli, Namadzi, Zomba. Tiyamike anaima n'kumumvetsera bwinobwino, kenako anamuuza kuti, "Amayi anga amaitanira bwino kuposa inu."

Bamboyo anaseka. "Ndiye akauze abwere mawa adzatithandize, mwana iwe. Ife mawu atha."

Ine ndi Esnati tinayang'anana. Kwa zaka ziwiri mawu ngati amenewo akanandisowetsa choyankha mpaka kunyumba. Tsiku limenelo ndinangomva pakamwa panga pakutuluka yankho. Ndinati, "Anapuma pa ntchito, achimwene. Koma mukanawamva, mukanawapatsa minibasi yonseyi." Iye anati, "Ulemu wawo," n'kumukweza mwanayo mpando wa pawindo.

Abale anga, Elube sanabwerere, ndipo sindikufuna wina awerenge izi n'kuganiza kuti chisoni chatha. Chilipo, chimadya nafe m'nyumba. Koma mwana wanga tsopano akudziwa mmene mayi ake ankalankhulira, mmene ankasekera, ndi mmene ankandinyogodolera ine kulibe. Inenso ndadziwa mbali ya mkazi wanga imene ndinaiphonya pokhala pakhomo ndi mapepala Lamulungu lililonse. Esnati amabwera tsopano ine ndilipo, ndipo timadya pamodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga mawu amenewa zaka zonsezi mu kompyuta yakale ku Bangwe, m'manja mwa munthu wa chipembedzo china amene sankadziwa n'komwe dzina la mkazi wanga. Ndikuthokoza mayi a ku wailesi amene sanakhumudwe nditawakanira. Ndikuthokoza Che Jumbe ndi ena onse amene amakhala kumbuyo kwa holo ndi mawaya awo, amene maina awo samveka pa wailesi ndipo nkhope zawo sizioneka pa kanema.

Kwa inu amene mukusowa chinthu ndipo mwafufuza paliponse pamene mukudziwa, musaleke kupemphera, koma mukatha kupemphera tsegulani pakamwa. Ine thandizo langa linali pafupi nthawi yonseyi, ulendo wa minibasi ziwiri zokha, ndipo linkamvera wailesi Loweruka lililonse. Linkangodikira kuti ndifunse. Ambuye akhale nanu m'nyumba zanu, ndipo pamene okondedwa anu akuimba, pitani mukawamvere.